Usipa wa ku Chipoka ndi Umboni Wake m'Magazi a Anthu

Chipoka ndi doko la pa nyanja ya Malawi lomwe lili m'dera la Mfumu Ndindi, makilomita pafupifupi 30 kummwera kwa tauni ya Salima, ndipo m'mabuku a mbiri ya dziko lino limatchulidwa kawirikawiri pa chifukwa chimodzi, choti ndi pamene njanji yochokera ku Blantyre imafika m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Komabe ntchito yomwe yadyetsa anthu a kumeneko kuyambira njanji isanabwere ndi usodzi, makamaka wa usipa, kansomba komwe akatswiri amakatcha Engraulicypris sardella, komwe kwawo n'kunyanja ya Malawi ndi madzi olumikizana nayo basi. Mbiri ya malonda a usipa imawerengedwa m'matani ogwidwa ndi m'makwacha opezedwa, koma m'zaka zaposachedwapa papezeka umboni wa mtundu wina, wochokera m'magazi ndi mu mkaka wa m'mawere wa anthu a kunyanja, ndipo umboniwu ukusonyeza kuti kansomba komwe kankanyozedwa ngati ndiwo za amphawi kamapereka ku ubongo wa khanda chinthu chomwe chimanga, mtedza ndi mafuta ogula m'sitolo sizingapereke.

Atsamunda asanafike, Anyanja ndi Achewa a m'mbali mwa nyanja, pamodzi ndi Ayao omwe anakhazikika m'madera a Salima m'zaka za m'ma 1800, ankagwira nsomba ndi mabwato osema, miono, mbedza ndi makoka olukidwa ndi luzi la zitsamba. Usipa ankaukopa usiku wa mdima ndi miuni ya udzu kapena bango yoyatsidwa pa bwato, poti kansombaka kamathamangira kuwala, ndipo wotsala pa chakudya cha pakhomo ankauyanika padzuwa n'kukausinthanitsa ndi chimanga kwa anthu a kumtunda. Kuuma msanga kwa usipa ndiko kunaupatsa mwayi woyenda mitunda italiitali pa mutu wa munthu, pamene nsomba zikuluzikulu zinkafuna nkhuni zambiri zowambira.

Phindu la mafuta a m'kansombaka linali lisanadziwike, pakuti kwa nthawi yaitali asayansi a ku Ulaya ndi ku America ankakhulupirira kuti mafuta ndi nkhokwe ya mphamvu chabe, yomwe thupi lingathe kudzipangira kuchokera ku chakudya china chilichonse. Maganizowa anagwa mu 1929, pamene George Burr ndi mkazi wake Mildred Burr, a pa yunivesite ya Minnesota, anasonyeza kuti makoswe odyetsedwa chakudya chopanda mafuta konse amaleka kukula, khungu lawo limauma n'kumasendeka, ndipo amafa msanga pokhapokha atapatsidwa timadontho ta mafuta ena. Mafuta onse amamangidwa ndi tizigawo totchedwa maasidi a mafuta, ndipo awiri mwa maasidiwa, linoleic wa m'gulu la omega-6 ndi alpha-linolenic wa m'gulu la omega-3, thupi la munthu silingathe kuwapanga, choncho ayenera kuchokera m'mbale. Kuchokera kwa awiriwa thupi limaumba maasidi ena ataliatali, omwe ndi arachidonic ku mbali ya omega-6 ndi EPA komanso DHA ku mbali ya omega-3, koma kuumba DHA kumayenda mochedwa zedi mwa munthu, kotero kuti ndi kagawo kochepa kokha ka alpha-linolenic wodyedwa komwe kamafika posanduka DHA. N'chifukwa chake nsomba, zomwe zimabwera ndi DHA wopangidwa kale, zili ndi malo omwe mbewu za kumunda sizingalande, pakuti DHA ndiye amachuluka m'zikhungu za maselo a ubongo ndi m'kachigawo ka kumbuyo kwa diso kolandira kuwala, ndipo amasonkhana kumeneko mofulumira m'miyezi itatu yomaliza ya pathupi ndi m'zaka ziwiri zoyamba za mwana.

Njanji inafika ku Chipoka ndi ku Salima mu 1935, chaka chomwenso mlatho waukulu wa pa Zambezi unatsegulidwa, ndipo kuyambira pamenepo gombe la midzi ya asodzi linalumikizidwa ndi Blantyre, Limbe mpaka doko la Beira. Omanga njanjiyi sankaganiza za usipa, koma za thonje, fodya, mtedza ndi mpunga wochokera m'madoko a kumpoto, womwe unkatsitsidwa m'sitima za pamadzi n'kukwezedwa m'mabogi. Ngakhale sitima ya Ilala, yomwe inapangidwa ku Scotland, inafika pa Chipoka ili m'zidutswa zonyamulidwa kuchokera ku Beira, isanalumikizidwe ku Monkey Bay n'kuyamba maulendo ake mu 1951. Koma njira ikatseguka imadutsa chilichonse chokhala ndi msika, ndipo msika wa nsomba zouma unali ukukula m'matauni ndi m'maesiteti a tiyi a ku Thyolo ndi Mulanje, komwe antchito masauzande ankafuna ndiwo tsiku ndi tsiku. Amalonda achikuda ankabwera pa njinga, kenako pa malole, pamene kummwera kwa nyanja banja la Agiriki la a Yiannakis linkakuza usodzi wa makoka akuluakulu kuyambira m'zaka za m'ma 1930. Maso a boma ndi a makampani anali pa chambo, chomwe Rosemary Lowe anachifufuza mozama pakati pa 1945 ndi 1947, ndipo usipa unasiyidwa m'manja mwa asodzi ang'onoang'ono ndi amayi oyanika.

Kafukufuku woyamba wamkulu wa kadyedwe ka anthu m'dziko la Nyasaland anachitika kumpoto kwa Salima, m'boma lomwe pa nthawiyo linkalembedwa kuti Kota Kota, mu 1938 ndi 1939, motsogozedwa ndi dokotala B. S. Platt. Ofufuzawo anakhala m'midzi ya kumapiri, ya m'munsi mwa mapiri ndi ya m'mbali mwa nyanja, kuyeza pa sikelo chakudya cholowa mu mphika ndi kupima matupi a anthu, ndipo mogwirizana ndi ntchitoyi mu 1939 kunabwera Kate Ricardo Bertram, H. J. H. Borley ndi Ethelwynn Trewavas kudzafufuza za nsomba, lipoti lawo n'kutuluka mu 1942. Kuika kafukufuku wa nsomba pambali pa wa kadyedwe kunali kuona patali, koma nsomba ankaziwerengera makamaka ngati gwero la zomanga thupi, poti chida cholekanitsira maasidi a mafuta mu kadontho ka magazi chinali chisanapangidwe. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inadula ntchitoyi pakati, ndipo zolemba zake zambiri zinadzasindikizidwa mu 1992.

Chida chosowacho chinabadwa mu 1952 ku London, pamene A. T. James ndi A. J. P. Martin anayambitsa njira yotchedwa gas chromatography, yomwe imasandutsa mafuta kukhala nthunzi n'kuidutsitsa mu kachubu katali, momwe asidi aliyense amatulukira pa nthawi yakeyake n'kuwerengedwa kuchuluka kwake. Ndi njira zotere kunadziwika chinthu chothandiza kwambiri kwa madokotala, choti thupi likasowa linoleic ndi alpha-linolenic silingokhala, koma limatenga asidi wa oleic, yemwe limatha kumupanga lokha, n'kumutalikitsa kuti atseke mpata wa osowawo. Chotulukapo chake ndi asidi wa Mead, wotchedwa ndi dzina la James Mead wa ku California, amene anafotokoza kapangidwe kake chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Asidiyu sagwira bwino ntchito ya omwe akuwalowa m'malo, koma phindu lake n'loti m'magazi a munthu wodya bwino amapezeka wochepa kwambiri, choncho kuchuluka kwake ndi chizindikiro chosabisika cha njala ya mafuta ofunika. Mu 1960 Ralph Holman anapereka muyeso woyerekezera asidi wa Mead ndi arachidonic, n'kuika malire pa 0.4, ndipo zida zitawongokera malirewo anatsitsidwa kufika pa 0.2. Muyesowu umakwera khungu lisanayambe kuuma, tsitsi lisanathothoke ndi zilonda zisanayambe kuchedwa kupola, ndipo n'chifukwa chake umagwiritsidwa ntchito poyang'anira makanda obadwa masiku osakwana, odwala odyetsedwa kudzera m'mitsempha, ndi omwe matumbo awo akulephera kuyamwa mafuta.

Muyeso wa Holman umayankha funso la kusoweratu, koma sunena ngati omega-3 ali wokwanira. Funso lachiwirili linakula m'zaka za m'ma 1970, pamene Hans Olaf Bang ndi Jørn Dyerberg a ku Denmark anapeza EPA ndi DHA wambiri m'magazi a anthu a ku Greenland odya kwambiri za m'nyanja, n'kuganiza kuti zimenezi zikukhudzana ndi thanzi la mtima wawo. Mu 2004 William Harris ndi Clemens von Schacky anakhazikitsa muyeso wotchedwa Omega-3 Index, womwe ndi EPA kuphatikiza DHA wopezeka m'zikhungu za maselo ofiira a magazi, wowerengedwa ngati gawo la maasidi onse a m'zikhunguzo, ndipo ananena kuti 8 peresenti kapena kuposerapo ndi mlingo wabwino, pamene 4 peresenti kapena kucheperapo ndi mlingo woyendera limodzi ndi chiopsezo chachikulu cha imfa ya matenda a mtima. Kusankha maselo ofiira kuli ndi chifukwa chake, pakuti selo lofiira limakhala ndi moyo masiku pafupifupi 120, kotero limasunga mbiri ya kadyedwe ka miyezi ingapo, pamene madzi a magazi, omwe amatchedwa plazima, amasintha ndi chakudya cha masiku kapena masabata ochepa apitawo.

DHA wa mu usipa sayambira mu usipamo. Amapangidwa ndi tizomera tosaoneka ndi maso toyandama m'madzi, tomwe timadyedwa ndi tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi, tizilomboto n'kudyedwa ndi usipa, ndipo mphepo ya mwera ya m'miyezi yozizira, yomwe imavundula madzi akuya n'kukweza chonde pamwamba, ndiyo imodzi mwa zinthu zolamula kuchuluka kwa chakudya chimenechi. Poti usipa umakhala ndi moyo chaka chimodzi kapena kupitirirako pang'ono, kuchuluka kwake kumakwera ndi kutsika kwambiri chaka ndi chaka, zomwe asodzi a pa Chipoka amazidziwa popanda buku. Kusintha kwakukulu kwa ntchitoyi kunadza ndi chilimira, ukonde wa pakati pa nyanja womwe unafalikira kummwera ndi asodzi ochokera kumpoto, ndi kulowa kwa ulusi wa nayiloni, injini ndi nyali za palafini m'malo mwa miuni. Pa usodzi wa usiku wotchedwa kauni, msodzi wotchedwa siginala amakhala m'bwato la nyali kusonkhanitsa nsomba, mabwato ena n'kuzungulira ndi chilimira, ndipo usiku umodzi wabwino umatulutsa nsomba zambiri kuposa zomwe makolo ankagwira.

Pa nthawi yomweyo chambo chinali chikutha. Ku nyanja ya Malombe usodzi wake unagweratu chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, zomwe zinachititsa kuti akhazikitse makomiti a m'madoko kuyambira 1993 ndi lamulo latsopano la usodzi mu 1997, ngakhale kuti m'boma la Salima mwambo wotseka usodzi pa chilumba cha Mbenji m'miyezi ya dzinja, womwe uli m'manja mwa Mfumu Makanjira kuyambira m'zaka za m'ma 1950, unali utasonyeza kale kuti madzi opumitsidwa amabweza. Nsomba zomwe Mmalawi mmodzi ankadya pa chaka zinatsika kuchoka pa makilogalamu pafupifupi 14 m'zaka za m'ma 1970 kufika posakwana theka la pamenepo m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndipo chomwe chinatseka mpatawo ndi usipa, womwe tsopano umaposa theka la nsomba zonse zogwidwa m'dziko muno. Usipa woyanika pa thandala, wofutsa ndi wokazinga umagulitsidwa m'timilu tomwe banja losauka lingakwanitse, ndipo umadyedwa wathunthu, mutu, mafupa ndi maso omwe, kotero palibe mafuta otayika ndi mpeni.

Umboni wa m'magazi unatuluka mu 2015, pa kafukufuku wa m'boma la Mangochi, pa nyanja yomweyi ndi pa nsomba yomweyi yomwe imatsika pa Chipoka. Elizabeth Yakes Jimenez, pamodzi ndi Charles Mangani ndi Kenneth Maleta a ku College of Medicine, Per Ashorn, Kathryn Dewey ndi William Harris yemwe uja, anayeza mkaka wa m'mawere wa amayi oposa 700 ndi plazima ya makanda oposa 400 a miyezi isanu ndi umodzi. Mu mkakawo anapeza DHA wokwana 0.73 peresenti ya maasidi onse, pamene mlingo wapakati wa dziko lonse lapansi ndi 0.32, komanso arachidonic wokwana 0.69 peresenti poyerekeza ndi 0.47. Atayeza usipa wouma anapeza kuti magalamu 85 ake ali ndi DHA, EPA ndi arachidonic wofanana kapena woposa wa m'magalamu 85 a salmon yaiwisi, nsomba yomwe anthu a maiko olemera amaigula modula pofuna mafuta omwewa. Kuyerekezaku kuyenera kumvedwa mosamala, poti nsomba youma yataya madzi ndipo banja silidya magalamu 85 munthu aliyense pa chakudya chimodzi, koma tanthauzo lake silichepa: amayi a m'midzi yosauka kwambiri ankayamwitsa ana awo mkaka wokhala ndi DHA woposa kawiri wa amayi ambiri a pa dziko lapansi, ndipo zikuoneka kuti gwero lake lalikulu linali nsomba za m'nyanja.

Kufunika kwa muyesowu kunaonekanso kuchokera ku mbali ina, ya mtedza, mbewu yomwe Salima amaidziwa bwino kudzera m'minda yake ndi malo ofufuzira za ulimi a Chitala. Chiponde cha kuchipatala, chosakaniza mtedza, mkaka wa ufa, shuga, mafuta ndi mavitamini, chinayambitsidwa ndi André Briend ku France mu 1996, ndipo Mark Manary anayamba kuchiyesa m'Malawi mu 2001 pochiza ana onyentchera kwambiri ali kunyumba kwawo, ntchito yomwe yapulumutsa ana osawerengeka. Koma mtedza uli ndi linoleic wambiri ndipo alpha-linolenic pafupifupi mulibe, ndipo poti maasidi awiriwa amalimbirana makina amodzi a m'chiwindi owatalikitsa, linoleic akachulukitsa amatsekereza kupangidwa kwa DHA. Kafukufuku wa ana a kummwera kwa Malawi wosindikizidwa mu 2015 anasonyeza kuti pa masabata anayi akudya chiponde cha nthawi zonse DHA wa mu plazima anatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, pamene mwa ana odya chiponde cha mtedza wa oleic wambiri ndi linoleic wochepa sanatsike. Pa sikelo ana onse ankaoneka akuchira, ndipo kusiyanako kunaoneka m'magazi mokha. Kafukufuku wamkulu wotsatira, wa ana oposa 2,500, wosindikizidwa mu 2022, anapeza kuti omwe anadya chiponde cha linoleic wochepa chowonjezeramo DHA anachita bwinopo pa mayeso a kakulidwe ka nzeru patapita miyezi isanu ndi umodzi atamaliza chithandizo, ndipo m'chaka chomwecho bungwe la Codex Alimentarius, lomwe limaika miyezo ya zakudya pa dziko lonse, linavomereza malangizo a chiponde otsitsa malire a linoleic ndi kukweza a alpha-linolenic.

Pali malire omwe wowerenga manambalawa ayenera kuwasunga. Milingo ya 8 ndi 4 peresenti inachokera kwa anthu akuluakulu a ku America ndi ku Ulaya pa nkhani ya mtima, choncho siingangosamutsidwa n'kuikidwa pa mwana wa ku Chipoka. Komanso DHA wokwanira sachotsa kupinimbira, poti kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo midzi ya kunyanja siinapulumukeko, chifukwa malungo, likodzo, kutsegula m'mimba ndi phala lamadzimadzi zimadya mwana ngakhale mkaka wa mayi uli wabwino. Richard Semba ndi anzake anapeza mu 2017 kuti ana a m'midzi ya kummwera kwa Malawi okhala ndi omega-3 ndi omega-6 wochepa m'magazi ankakulanso mochedwa, koma kuyendera limodzi kwa zinthu ziwiri si umboni woti china chikuyambitsa chinzake, pakuti banja losowa nsomba nthawi zambiri limasowanso zina zambiri. Kuyeza kumeneku kumafuna makina omwe zipatala za m'maboma zilibe, kotero kwa mlangizi wa zaumoyo pa sikelo ya ana funso loti banja ladya usipa kangati sabata ino ndilo limaima m'malo mwa labotale, ndipo ndi funso lomwe likuyenera kufunsidwa kawirikawiri kuposa mmene limafunsidwira.

Lero katundu wambiri wa pa Chipoka sayendanso pa njanji kapena pa sitima, koma pa msewu wa M5, ndipo usipa wotsika m'mawa umapezeka m'misika ya ku Lilongwe ukangouma. Mmene ntchitoyi ikuyendera zikukhudza mwachindunji zomwe zimafika m'magazi. Maasidi ataliatali a omega-3 amawonongeka msanga ndi mpweya, kutentha ndi kuwala, choncho usipa wokhalitsa pa thandala nthawi ya mvula kapena wosungidwa miyezi m'matumba umataya gawo la phindu lake, pamene wokazinga umamwa mafuta a soya kapena a mpendadzuwa odzala ndi linoleic. Kugwira bonya, yemwe ndi usipa wosakhwima, ndi maukonde otchinjirizidwa ndi neti za udzudzu kumadula usipa usanaswane, ndipo opanga chakudya cha nkhuku amalimbirana kansomba komweko ndi mayi wogula kamulu. Mtengo wa pa gombe umatsatira wa m'tauni, kotero banja la msodzi likhoza kugulitsa zonse n'kudyera masamba okha. Popeza maselo ofiira amasinthana pang'onopang'ono, nyengo yomwe usipa wasowa kapena wadula pa Chipoka siionekera m'magazi a mayi woyembekezera tsiku lomwelo, koma patapita masabata ndi miyezi, nthawi zina mwana atabadwa kale ndipo akudalira mkaka wa mayiyo pa DHA yense wolowa mu ubongo wake.